Amene Ankakhala Pambali pa Barnaba

Ndinadzuka cha m'ma kwaturo ora, ola lachinayi m'bandakucha, kunja kudakali mdima. Sindinganene kuti ndinagona. Ndinangotsamira khoma la pabalaza, miyendo ili pamkeka, ndipo nthawi ina nyimbo zinandisowa m'makutu. Nditatsegula maso amayi a mpingo anali akuimbabe, koma otsala anali asanu okha, mawu atasasa. Ena onse anali atagona mopingasana, atadzikuta makapulana, zitenje za kuno, mpaka kumutu. Unali mwezi wa Julayi. Mwera unali utayamba dzulo lake, ndipo lata limodzi la denga linkagogoda pamalo pamene msomali unazuka kalekale.

Bokosi linali pakati pa balaza, pa mabenchi awiri obwereka kutchalitchi. M'menemo munali mlongo wanga Barnaba, wobadwa pambuyo panga. Ntchito yake inali kuyendetsa galimoto za mpikisano umene eni ake amautcha rali, wothamanga m'misewu ya fumbi, m'mapiri ndi m'nkhalango. Anamwalira Loweruka kumapiri a kumwera kwa Tanzania, galimoto yake itachoka mumsewu n'kugubuduzikira kuphompho. Thupi linayenda masiku anayi, kuwoloka Rovuma, kugona ku Lichinga, n'kutsikira kuno kunyanja Lachitatu masana. Bokosilo linabwera lomata ndi chitsulo mkati chifukwa cha malamulo a pamalire, ndipo tinauzidwa kuti silitsegulidwa. Choncho nkhope yake sitinaione. Ndinkayang'ana thabwa lonyezimiralo ndikudziuza kuti Barnaba ali mmenemu, koma mawuwo sankalowa.

Kuseri kwa bokosi, pakona, kunakhala mkazi wake, mlamu wanga Ameliya. Ndi wa ku Nampula. Chinyanja amamva pang'ono, kulankhula kumamuvuta, ndipo ine ndi iye timagwiritsa Chipwitikizi. Iyeyo anali m'galimoto momwemo. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ankakhala pampando wa pambali pa mwamuna wake, akumuuza za msewu umene uli kutsogolo, poti pa liwiro limenelo maso a woyendetsa sakwanira. Anatuluka m'ngoziyo ndi fupa la paphewa lothyoka. Dzanja lake lamanja linali lokolekedwa m'khosi ndi nsalu yoyera ya kuchipatala. Chifikireni sanagone, sanalire mokweza monga timalirira kuno, ndipo ine ndinali ndisanamulankhule mawu opitirira moni. Sindinkamuda. Ndinalibe kalikonse m'mtima kopatsa munthu.

Ndinatuluka kukaona moto. Kuseri kwa nyumba amayi a m'mudzi anali atayala mafuwa m'mizere iwiri, koma mphepo inkagonetsa lawi mbali imodzi, nkhuni n'kumatha madzi osatentha. Tinachita kuimika malata akale ndi chitseko cha khola kuti titchinge. Utsi unkakwawa pansi n'kulowa m'maso mwa aliyense. Mpunga unali utasankhidwa dzulo, nyemba zitanyikidwa. Amuna awiri ankasenda mbuzi pansi pa mango akuunikira ndi foni. Mchenga unkagwera m'chilichonse. Wina anandifunsa kumene kuli mchere, ndinamuuza. Wina anafunsa ngati mafuta akwana, ndinati akwana, ndisanayang'ane n'komwe.

Pamoto wa kumapeto ankakamba za mlamu. Atandiona anatsitsa mawu koma sanaleke. Mmodzi anati galimoto imodzi, wina n'kufa, wina n'kutuluka ndi miyendo yake. Mnzake anati paja wouza mwamunayo kokhotera anali iyeyu. Wachitatu anakumbutsa za zaka zonsezo popanda mwana. Ndinamva zonse. Ndinatunga madzi otentha m'ndowa n'kuchokapo.

Kukuyera ndinamutengera mlamu kubafa, popeza ndi dzanja limodzi sakanatha kusamba. Nditamuvula bulauzi ndinaona mizere iwiri yakuda bii, yotambalala ngati chikhatho, yochokera pamapewa kukakumana pamimba. Anali malo a malamba amene anamumangirira kumpando wa galimoto. Ndinamuthira madzi pang'onopang'ono ndi kapu. 

"Mana, aja pamoto akunena za ine?" anandifunsa, akunditcha achemwali m'Chipwitikizi.

"Akunena za mchere," ndinatero.

Sanafunsenso. Ndinamupukuta, ndinamuveka diresi lakuda limene anagula ku Lichinga, lotalika manja, ndipo tinavutika kulowetsa dzanja lothyokalo.

Barnaba ndinamubereka kumsana ali ndi zaka ziwiri, tsiku limene tinathawa nkhondo pa bwato kupita ku Likoma. Ndinali wa zaka zisanu ndi zinayi. Tinabwerera kuno mtendere utabwera, iye ali wamkulu ndithu, ndipo atate ankayembekeza kuti alowa m'bwato monga amuna onse a banja lathu. Anayesa nyengo imodzi, nyanja sinamukonde, naye sanaikonde. Anapita ku Metangula kukakhala kobradoro, woitanira anthu ndi kukweza katundu m'shapa, minibasi yopita ku Lichinga. Ankakhala pakhomo la galimoto maso ali pamapazi a woyendetsa.

Ine ndinakwera galimoto yoyendetsa iye mothamanga kamodzi kokha. Ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba, Rute, ndipo mwanayo anagona mopingasa. Azamba a ku Metangula anati pano sitingathe, muthamangire ku Lichinga. Ambulansi kunalibe, woyendetsa shapa sankadziwika kumene ali, mvula inali itagwa masiku atatu. Barnaba anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wopanda karta, chiphaso choyendetsera galimoto. Anatenga makiyi pamene ankabisidwa. Pokwera mtunda wa Maniamba galimoto inkayenda chammbali m'matope, phompho lili apo, ine ndikukuwa. Iye anati, "Achemwali, musayang'ane msewu, yang'anani ine." Nkhope yake inali ngati ya munthu amene akusoka khoka pamthunzi. Tinafika, anandipanga opaleshoni, Rute anabadwa wamoyo. Ndinamva pambuyo pake kuti atanditsitsa anazungulira kuseri kwa shapa n'kusanza. Mwini galimotoyo atamva nthawi imene tinayenda anayamba wamumenya khofi, kenaka anamutumiza kukaphunzira kuti atenge karta.

Zotsatira zake ndinkangozimva. Anayendetsa shapa zaka zingapo, anapita ku Nampula kukakonza galimoto kwa munthu wina amene anali ndi ziwiri za mpikisano, ndipo tsiku lina woyendetsa wawo atadwala anamuika iye. Kuchokera pamenepo sanabwererenso pansi pa galimoto. Anathamanga kuno kwathu, ku Zambia, ku Tanzania, mpaka ku Uganda. Zaka zina ankapambana, zaka zina galimoto inkamufera panjira, chaka china anakhala osathamanga chifukwa owathandiza anasiya. Ankabwera pa Khirisimasi ndi zikho zonyezimira. Atate sanapiteko kukamuonera ngakhale kamodzi. Akawapatsa foni kuti aone, ankayang'ana pang'ono n'kubweza. Chikho chimodzi ankasungiramo mbedza.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika. Oyamba anali a midzi yoyandikana, akuyenda m'mbali mwa nyanja mitu itakutidwa chifukwa cha mchenga. Nyanja inali yotuwa, yodzaza thovu, ndipo mabwato onse anali atakokeredwa kumtunda. Kenaka kunabwera mashapa a ku Metangula ndi a ku Lichinga, asanu ndi awiri motsatana, opanda okwera olipira, masamba obiriwira atakolekedwa kutsogolo. Oyendetsa ake ambiri anali oti anagwirapo ntchito ndi Barnaba. Lole ya ku Maniamba inatsitsa anthu ndi matumba a chimanga. Kunabwera asilikali a panyanja atatu atavala zoyera. Aliyense ankalowa, kugwada pabokosi, kutuluka, kubwera kudzandigwira dzanja. Ndinkayankha moni uliwonse, ndipo sindikumbukira nkhope za ambiri.

Tinkadikira boti la ku Likoma lodzera ku Kobwe, mmene munali abale a atate amene anatisunga nthawi ya nkhondo. Linanyamuka m'mawa koma linkalimbana ndi mwera maso ndi maso. Atate anati popanda iwowo sitinyamuka. Anakhala pampando wawo pansi pa mango, ndodo ili pakati pa miyendo, maso ali kumpoto. Anthu ankawapepesa, iwo n'kumangogwedeza mutu.

Cha m'ma novi ora, ola lachisanu ndi chinayi m'mawa, kunafika anzake a Barnaba a mpikisano. Zinali galimoto zisanu ndi lole yawo ya zipangizo, zonse zofiira ndi fumbi. Zinalowa m'mudzi pang'onopang'ono, kuchedwa kuposa njinga. Anatsika amuna ovala malaya ofanana, ena akuda, ena amwenye, mzungu mmodzi wa imvi, ena olankhula Chiswahili. Sankadziwa pokhala. Anaima chilili pafupi ndi khola mpaka wina anawabweretsera benchi. Mlamu atamva mawu awo anadzutsa mutu koyamba.

Apa n'pamene atsibweni, mlongo wawo wa malemu amayi, anandiitanira kuseri kwa khitchini. Iwo ndiwo ankayendetsa mwambo wonse, ndipo anali atatopa, maso ofiira. Anandiuza kuti zithunzi za ngoziyo zafika m'mafoni, anyamata akhala akuonetsana chiyambire dzulo, ena amwa, ndipo akulankhula zoipa. Anati iwo sakumuimba mlandu mlamu wangayo, koma safuna chipwirikiti kumanda.

"Make Rute, ukamuuze atsale m'nyumba. Unene kuti ndi chifukwa cha dzanjalo. Mawa mudzapita awiri kukaona mtumbira."

Ndinati ndamva, atsibweni.

Ndinalowa m'chipinda kumene anali atapita. Ndinamupeza atakhala pabedi, nsapato atavala kale, akuyesa kumanga duku ndi dzanja limodzi, nsonga ina ataigwira ndi mano. Inkamasuka, iye n'kuyambiranso. Ndinaima pakhomo ndikuyang'ana. Mawu amene ndinatumidwa ndinali nawo m'kamwa, okonzeka m'Chipwitikizi. Ndinapita n'kumumanga dukuyo, mfundo kumbuyo monga timamangira kuno. Sindinganene kuti ndinaganiza kapena kusankha. Manja anga anachita zimene zinali patsogolo pake.

Boti linafika dzuwa lili pamutu. Anthu anatsikira m'madzi ofika m'chiuno, onyowa kale ndi mafunde, gogo wina atanyamulidwa pamsana. Kulira kunayambiranso pagombe n'kukwera mpaka kunyumba. Atate anaimirira. Adzukulu analowa, anatulutsa bokosi, ndipo khomo lathu linali lopapatiza moti anachita kulipendeketsa. Ndinatuluka pambuyo pake nditagwira mlamu dzanja lamanzere. Atsibweni anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana pansi, tinadutsa.

Tchalitchi chathu ndi cha njerwa zakale za amishoni, ndipo sichinathe kulandira ngakhale theka la anthu. Ambiri anakhala panja, kumbali yosafika mphepo. Padiri anawerenga Misa, tinaimba nyimbo zimene timaimba pamaliro onse. Ndinkatsegula pakamwa ndipo mawu ankatuluka. Mbiri ya malemu inawerengedwa ndi msuweni wathu wina. Anatchula za Likoma, za shapa, za mayiko. Ndinkamva ngati akunena munthu amene ndinamumvapo pawailesi.

Kenaka analola mkulu wa gulu la mpikisano lija kulankhula, mphunzitsi wa pasukulu yathu akumasulira. Anati Barnaba anali woyendetsa wosamenyana ndi galimoto, ndipo makaniko ankamukonda chifukwa ankadziwa kupweteka kwa ntchito yawo. Anafotokoza mmene mpikisanowo umayendera: dzulo lake woyendetsa ndi wa pambali pake amayenda msewu wonse pang'onopang'ono, akulemba khona lililonse, mtunda, dzenje ndi mwala. Tsiku lothamanga wa pambali amawerenga, woyendetsa amakhulupirira zimene akumva. Anati tsiku la ngozi galimoto inagunda mwala pakhona, chitsulo cha chiwongolero chinathyoka, ndipo zikatero palibe woyendetsa amene angaibweze. Anati mayi amene wakhala apoyo anakwawa kutuluka pazenera, n'kukwera mtunda ndi phewa lothyoka kukaimitsa galimoto yotsatira. Mphunzitsi anamasulira zonse. Mchenga unkamenya mazenera a tchalitchi. Mlamu ankayang'ana nsapato zake.

Manda ali kumtunda, kuseri kwa minda ya chinangwa, ulendo wa theka la ola wapansi. Anzake a mpikisano anapempha kuti bokosi likwere pa lole yawo, imene inkamutsatira m'mipikisano yonse, ndipo atsibweni analola. Kutsogolo kunali wonyamula mtanda, kenaka padiri ndi oimba, kenaka lole, pambuyo pake atate ndi amuna a banja, ndiyeno ife amayi. Mkanjo wa padiri unkauluka, iye n'kumaugwira ndi dzanja limene linali ndi buku.

Pali kamtsinje kamene kamauma nthawi ya chilimwe, n'kutsala mchenga wokhawokha. Lole inalowamo n'kutitimira mpaka pakati pa matayala. Woyendetsa anayesa kutsogolo, anayesa kumbuyo. Amuna aja a malaya ofanana anazungulira, wina anagwada kuyang'ana pansi, anayang'anana. Palibe anaseka. Adzukulu ndi asodzi anakwera, anatsitsa bokosi, analiika pamapewa. Titayenda pang'ono anzakewo anapempha kulandira, anawalola, ndipo kuchokera pamenepo ankasinthana, msodzi kutsogolo, wa mpikisano kumbuyo.

Tili pakati pa minda, nyimbo itangotha ina isanayambe, mawu anamveka kuchokera m'gulu la kumanzere. Anali mwamuna wachinyamata, woledzera.

"Ameneyo akukatani kumanda? Anene kaye chimene anachita."

Ena awiri kapena atatu anavomereza.  Mawu amenewo mlamu anawamva, sanafunike womasulira. Amayi amene tinali nawo pafupi anapatuka pang'ono, moti tinatsala awiri pakati pa njira.

Atate anaima. Onse a pambuyo pawo anaima, ndipo onyamula bokosi atazindikira anaimanso. Atate sanatembenukire kwa wolankhulayo. Anangotsamira ndodo, akuyang'ana kutsogolo, amuna a banja n'kumawadutsa mosadziwa chochita. Ine ndinapitiriza kuyenda chifukwa sindinadziwe china. Titafika pamene anaima, anayamba kuyenda nafe, kumbali ya dzanja lothyoka. Kwathu kuno munthu sayenda phewa ndi phewa ndi mpongozi wake, ndipo onse anaona. Wotsogolera nyimbo anayambitsa ina. Tinayenda chomwecho, atatu, mpaka kumanda.

Dzenje linakumbidwa pafupi ndi mtumbira wa amayi. Dothi la kumeneko ndi lofiira, la miyala, ndipo adzukulu anali atayamba kukumba dzulo lake. Anatsitsa bokosi ndi zingwe za khoka. Padiri anawerenga mawu omaliza, mphepo ikumulanda theka la mawuwo. Atate anaponya dothi, ine ndinaponya, mlamu anaponya ndi dzanja lamanzere ndipo lambiri linauluka lisanafike pansi. Anawerama n'kutapanso lina. Kenaka makasu anayamba. Kugunda kwa miyala pa thabwa ndinakumva bwinobwino, mpaka kunasanduka kugwa kwa dothi pa dothi. Amayi ondizungulira ankalira, wina anakomoka n'kunyamulidwa. Ine ndinaona kuti mmodzi wa adzukulu wavala nsapato zosiyana, ndipo ndinakhala ndikuyang'ana zimenezo.

Nkhata zinaikidwa potchula mayina. Oyendetsa mashapa anabweretsa yawo, anzake a mpikisano yawo yaikulu ya maluwa a pulasitiki. Anaitsendereza ndi miyala kuti isauluke.

Tikubwerera, kumudzi kunamveka mkokomo. Anzakewo anali atapempha kuti alize injini zawo monga amachitira mnzawo akamwalira, ndipo atsibweni anawauza kuti achite maliro ataikidwa, kutali ndi tchalitchi. Oyendetsa mashapa anawonjezera mahutala. Mbuzi zinathawira m'chinangwa. Zinatenga mphindi imodzi kapena ziwiri, kenaka zonse zinazima pamodzi. Atate sanachepetse kapena kuwonjezera mayendedwe.

Kunyumba tinasamba m'manja pa beseni la pakhomo, anthu anadya m'magulumagulu atafulatira mphepo. Chakudya chinakwana, ngakhale nyemba zinali ndi mchenga. Ndinayenda gulu ndi gulu kuthokoza. Atsibweni anandipeza ndikutolera mbale. Anati ndikumbukire kubweza mabenchi Loweruka lisanafike. Za m'mawa zija sanazitchule, ngakhale pambuyo pake.

Mashapa ananyamuka oyamba kuti akwere mtunda kukuwala. Lole ija inafukulidwa ndi anthu a m'mudzi. Anzake a mpikisano anabwera kudzatsazika, ndipo anafunsa mlamu ngati akwera nawo. Anati atsala mpaka masiku a maliro atatha. Mkulu wawo anamusiyira chikwama cha zinthu zimene anatola m'galimoto ija. A ku Likoma sakanatha kuwoloka tsiku lomwelo, anakagona kwa atsibweni ndi m'makalasi a sukulu. Amayi a mpingo, amene anali atachezera mausiku anayi, anapita kwawo kukagona. Rute anaperekeza azakhali ake. Pofika nthawi yoyatsa nyali, m'nyumba tinatsalamo atatu.

Atate anali pampando wawo pabalaza. Ine ndinali pamkeka, ndikusiyanitsa masipuni athu ndi obwereka. Mlamu anatuluka m'chipinda ndi kope la chikuto cholimba, lopindika pakona, lothimbirira ndi dothi. Anagwada pafupi ndi khomo, patali ndi atate monga mwa ulemu. Zimene ndilembe apazi iye mwini anandilola kuzilemba.

"Mana, mundimasulire kwa atate," anatero. "Mwala uja unali wolembedwa. Uli apa. Unali pamwamba pa tsamba latsopano, ndipo tsambalo linamatirira. Ndinaunena, koma ndinachedwa. Sindikudziwa ngati akanaulewa ndikanafulumira. Makaniko akuti ayi. Ine sindikudziwa."

 Ndikanatha kunena kuti akupepesa, kapena kuti akuthokoza za kunjira kuja, ndipo palibe akanadziwa. Ndinayang'ana atate. Ndinawauza monga mmene ananenera, mawu ndi mawu, osachotsa osawonjezera. Mawu anga ankamveka ngati ndikuwerenga chidziwitso cha kutchalitchi.

 Atate anasisita bondo lawo, anayang'ana kopelo.

"Zimene ankamuuzazo zili m'menemo?"

Ndinati zili m'menemo.

"Uwauze awerenge. Ndimveko."

Mlamu anaika kope pansi, analitsegula ndi dzanja limodzi, ndinamuyandikizira nyali. Anayamba ndi mawu otsika, kenaka mawuwo anakhazikika okha, osakwera osatsika, ofulumira, monga ayenera kuti ankamvekera m'makutu a mwamuna wake. Kumanja, atatu. Mamita zana. Kumanzere, anayi, yaitali. Kamtunda, usachepetse. Mlatho wopapatiza. Ndinayamba kumasulira koma atate anakweza dzanja kuti ndileke. Anatseka maso. Anawerenga masamba anayi kapena asanu, n'kufika pamwamba pa tsamba lina. Anaika chala pamenepo.

"Apa," anatero m'Chinyanja.

"Msewu unathera pomwepo?" atate anafunsa.

Ndinamufunsa. Anati ayi, panatsala masamba atatu.

"Apitirize."

Anawerenga mwala uja, anawerenga khona lotsatira, ndi linalo. Penapake mawu anamuthawa, anadikira, anapitiriza. Panali malo otsetsereka, mudzi wofunika kusamala, kenaka msewu wowongoka wautali. Anafika pamzere womaliza n'kutseka kope.

Atate anatsegula maso. Kenaka anafunsa ngati phewa likuwawa, ndipo anandiuza kuti usiku umenewo ndimupatse mpongozi wawo bulangeti lawo lija lolemera, poti anthu a ku Nampula sadziwa kuzizira kwa mwera. Anaimirira ndi ndodo n'kulowa kuchipinda kwawo.

Ndinakatenga bulangetilo. Ndinamuthandiza mlamu kugona chagada, ndinamuikira pilo pansi pa chigongono. Ndinabwerera pabalaza, ndinamaliza masipuni, athu uku, a eni ake uku. Panja moto wonse unali utazima, ndipo agalu ankanunkhiza pa mafuwa. Ndinakhala pamkeka ndikudikira kuti mwina tsopano ndilira. Sizinabwere tsiku limenelo. Ndinatseka chitseko, ndinazimitsa nyali.